Kufupikitsa malamulo a Dungeons & Dragons popanda kukondera: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwerabwera anthu akamva kuti gulu lathu linasiya kutsatira mabuku onse a Dungeons & Dragons n'kulemba malamulo akeake a masamba ochepa, olinganiza bwino osewera onse. Ena amafunsa ndi anthu amene sanagwirepo dayisi ya mbali 20. Ena ndi akatswiri amene amafuna kudziwa zimene tinataya.

Masewera amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi nthano yokambirana anthu atazungulira tebulo. Pa nthano zakwathu mmodzi amati "padangokhala", enawo n'kumangovomera kuti "tili tonse". Apa ovomerawo salekera pomwepo. Aliyense ali ndi mtengambali wake m'nthanomo, ndipo ndiye amanena zimene mtengambaliyo achite. Wotsogolera, amene mabuku amamutcha Dungeon Master, amafotokoza malo, amalankhulira zilombo ndi anthu ena onse, ndipo pakakhala chokayikitsa, monga ngati munthu adumphe chigwembe kapena agweremo, dayisi ndiye imagamula.

Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva, ku Wisconsin m'dziko la America. Wizards of the Coast inagula TSR mu 1997 ndipo ndiyo ikuwasindikiza mpaka pano.

Bwanji osangosewera mmene eni ake analembera?

Ngati muli ndi nthawi ndiponso anzanu okonda kuwerenga, sewerani choncho, palibe cholakwika. Koma mtundu wachisanu wa masewerawa, umene unatuluka mu 2014, uli ndi mabuku atatu akuluakulu, lililonse lopitirira masamba 300. M'buku la osewera muli magulu 12 a atengambali (monga wankhondo, wamatsenga, wakuba ndi wansembe), maluso 18 ndi matsenga opitirira 300. Bawo munthu amaiphunzira atakhala pambali masana amodzi akuonerera akuluakulu akutakata. Apa mlendo amatha madzulo onse akudzaza pepala la mtengambali, nthano isanayambe n'komwe, ndipo sabata yotsatira ukamuimbira amakuuza kuti watanganidwa.

Kufupikitsa si chipongwe kwa eni masewera. Iwo eniwo anachitapo. Mu 1981 TSR inatulutsa kabuku ka Basic kokonzedwa ndi Tom Moldvay, ka masamba 64 okha, kongofika pa levulo 3 (malevulo ndi masitepe amene mtengambali amakwera akamakula mphamvu), ndipo mpaka lero anthu ambiri opanga malamulo afupiafupi amayambira pa kabuku kameneka.

Ndiyambe kudula chiyani?

Lamulo lililonse lifunseni funso limodzi: kodi likumupatsa wosewera chinthu choti asankhe, kapena likungomupatsa masamu? Likangomupatsa masamu, lichoke.

Zina zimadziulula zokha. Mu mtundu wa 3.5, wa mu 2003, malamulo ogwirana ndi mdani ngati pa masewera ogwetsana anali otalika moti anthu ankapewa dala kugwira mdani kuopa kutsegula buku. Mtundu womwewo unali ndi timabonasi tambirimbiri: +2 chifukwa mdani mwamuzinga mbali ziwiri, +1 chifukwa mwaima pamwamba, +1 wa tsenga la mnzanu, ndipo munthu amakumbukira kamodzi ka timeneti dayisi itaponyedwa kale, mkangano n'kubuka. Mtundu wachisanu unasesa zambiri mwa izi ndi lamulo limodzi: zinthu zikakhala kumbali yako, ponya madayisi awiri utenge nambala yaikulu, zikakuipira, utenge yaing'ono. Lamulo limeneli ndimalikonda kuposa lina lililonse m'bukumo. Ngati umafunika 11 kapena kuposa, mwayi wako umachoka pa 50 peresenti kufika pa 75, popanda kuwonkhetsa chilichonse.

Kulemera kwa katundu nakonso. Palibe amene anabwera kudzawerengera kuti chingwe, nyali ndi poto zikulemera bwanji pamodzi. Masewera ena afupi, monga Knave, amangopereka mizere yowerengeka papepala: chinthu chimodzi, mzere umodzi, mizere ikatha, siya china. Apa wosewera akusankhadi, chifukwa akatenga chishango ndiye kuti wasiya chakudya cha tsiku lina.

Kenako pali mikhalidwe 6 ija ya mtengambali: mphamvu, changu, kupirira kwa thupi, nzeru za m'mabuku, kuzindikira ndi chikoka. Uliwonse uli ndi manambala awiri, monga 16 amene amatanthauza +3, koma posewera amagwira ntchito ndi +3 yekhayo. Lembani +3 basi. Ena amadula mpaka mikhalidwe itatu, ngati mmene masewera a Microlite20 ndi Into the Odd anachitira. Ife tinatsala ndi inayi, chifukwa titaphatikiza nzeru ndi chikoka wamatsenga anasanduka wolankhulira gulu pa mlandu uliwonse, pomwe anali kale ndi zochita zambiri.

Mukati "kulinganiza" mukutanthauza kuti onse akhale ndi mphamvu zofanana?

Ayi. Atengambali onse akafanana ndiye kuti mwapanga masewera a ludo, momwe kusiyana kwake ndi mtundu wa kabatani basi. Chimene chiyenera kulingana ndi mpata wa anthu enieni amene akhala patebulopo. Munthu wakwera minibasi kudzasewera maola atatu. Pa maola amenewo payenera kukhala nthawi imene gulu lonse likuyang'ana iyeyo, chifukwa vuto limene lilipo ndi iye yekha angalithetse bwino. Wakuba akatsegula loko, wankhondo akatchinga pakhomo anzake akuthawa, wansembe akadzutsa wokomoka, aliyense wadya gawo lake.

Masewera amapendekeka pamene mtengambali mmodzi angathe kugwira ntchito ya mnzake bwino kuposa mwiniwakeyo. Mu 3.5 osewera anachita kupeka dzina loti CoDzilla ponena za wansembe ndi druid (wamatsenga a zachilengedwe), chifukwa akadzithira matsenga ankamenya nkhondo kuposa wankhondo weniweni, matsenga enawo akadali nawo. Druid ankayendanso ndi chinyama chake chomenya nawo. Wosewera wankhondo amangokhala ngati mlendo pa ukwati wa anthu osawadziwa.

N'chifukwa chiyani wamatsenga amaposa wankhondo nthawi zonse?

Si nthawi zonse. Pa levulo 1 wamatsenga ndi wofooka, mbalame yeniyeni, kumenyedwa kawiri wagwa. Vuto limakula ndi malevulo. Wankhondo akakwera levulo amangochita zomwe zija bwinoko pang'ono: amamenya molondola, amapirira mabala ambiri. Wamatsenga akakwera amapeza matsenga ochuluka, amphamvu kuposa akale, komanso a mtundu watsopano umene sunalipo. Wina akukwera masitepe, wina akukwera chikepe.

Tiyeni tione manambala a mtundu wachisanu pa levulo 5. Wankhondo amamenya kawiri pa raundi, kutanthauza ulendo umodzi umene aliyense pa nkhondoyo amachitapo kanthu. Ndi lupanga la dayisi ya mbali 8 kuphatikiza +4, kumenya kumodzi kumachotsa mapointi a moyo wa mdani pafupifupi 8.5. Tinene kuti amalasa maulendo 65 pa 100 alionse: pa raundi akuchotsa pafupifupi 11, kwa mdani mmodzi. Wamatsenga pa levulo yomweyo amapeza Fireball, mpira wa moto wa madayisi 8 a mbali 6, umene pakatikati umachotsa 28 kwa aliyense amene ali m'dera lake, kapena theka lake kwa amene wazinda. Adani akakhala anayi, raundi imodzi ya wamatsenga ingathe kuposa nkhondo yonse ya wankhondo.

Chimene chimayenera kubweza zinthu m'malo n'chakuti wamatsenga ali ndi matsenga awiri okha a msinkhu wa Fireball asanagone, pomwe dzanja la wankhondo silitha. Buku la wotsogolera la 2014 limayerekeza kuti gulu lingakumane ndi nkhondo 6 mpaka 8 pa tsiku limodzi la m'nthano. Koma ndani amasewera choncho? Magulu ambiri amene ndawaona amamenya nkhondo imodzi kapena ziwiri, kenako atengambali n'kukagona. Zikatero wamatsenga amalowa nkhondo iliyonse thumba lili lodzaza, ndipo kupirira kwa wankhondo kulibe pokaonekera.

Komabe zimenezi n'zazing'ono. Chachikulu chili kunja kwa nkhondo. Pa levulo 3 wamatsenga angathe kutsegula loko ndi tsenga la Knock ndiponso kusaoneka ndi maso, zimene ndi ntchito ya wakuba. Pa levulo 5 amauluka, ndiye luso lokwera khoma lilibenso phindu. M'tsogolo amasamutsa gulu lonse kupita dziko lina m'kuphethira kwa diso, ndipo pa levulo 17 amapeza Wish, tsenga longopempha chimene ukufuna. Wankhondo wa levulo 17 akadali munthu wa lupanga.

Ndiye mumakonza bwanji?

Njira yotchipa kwambiri, imene anthu amaiderera chifukwa ndi yophweka, ndi kuika denga. Osewera a 3.5 anali ndi njira yotchedwa E6: munthu akafika levulo 6 sakweranso, amangolandira kaluso kamodzi kowonjezera akasonkhanitsa mapointi 5,000 okwerera malevulo. Matsenga osokoneza dziko aja safikiridwa n'komwe, ndipo simunalembe lamulo latsopano ngakhale limodzi. Ngakhale Baldur's Gate 3, masewera a pakompyuta a mu 2023 ochokera pa malamulo a mtundu wachisanu, amalekeza pa levulo 12 pomwe buku limafika 20. Ife denga lathu lili pa 6.

Njira yachiwiri ndi yoti tsenga likhale ndi mtengo umene wamatsenga akuumva pomwepo, osati mawa. Mu Microlite20 amalipira ndi mapointi a moyo wake: msinkhu wa tsenga kuchulukitsa kawiri, kuwonjezera 1, kotero tsenga la msinkhu wachitatu limamudyera 7. Mu Shadowdark, ya Kelsey Dionne ya mu 2023, amaponya dayisi pochita tsenga lililonse, ndipo akalephera tsengalo latayika mpaka atapuma. Njira ziwirizi zimachotsanso ntchito yowerengera matsenga otsala pa msinkhu uliwonse, kotero mwafupikitsa ndi kulinganiza pa ulendo umodzi. Ine ndimakonda yoponya dayisi, chifukwa patebulo pamakhala zii wamatsenga akanyamula dayisi, aliyense mtima uli m'mwamba.

Yachitatu, fufutani matsenga olanda ntchito ya mnzake. Ngati pagulu pali wakuba, Knock asapezeke. N'zosavuta choncho.

Yachinayi ndi imene ambiri amaiwala: m'patseni wankhondo chochita china choposa kunena kuti "ndikumenya". Masewera a Dungeon Crawl Classics ali ndi lamulo labwino pamenepa. Wankhondo amaponya kadayisi kena pamodzi ndi dayisi yomenyera, ndipo akalasa, kadayisiko n'kugwa 3 kapena kuposa, amachitanso chimene ananena: kugwetsa mdani, kumulanda mkondo, kumukankhira m'ngalande. Lamulo limodzi limeneli limalowa m'malo mwa masamba ambiri a maluso apadera, ndipo wosewera amayamba kufunsa za malo amene akumenyerapo, ngati pali tebulo loti aligubuduze kapena chitsime chapafupi.

Mabonasi azifika pati?

Dayisi ya mbali 20 ili ndi malire: mbali iliyonse ndi 5 peresenti, ndipo kuchokera pa 1 kufika pa 20 pali masitepe 19. Kusiyana kwa atengambali awiri kukaposa pamenepo, dayisi ilibenso mawu. Mu 3.5 munthu wa levulo 20 ankatha kukhala ndi 23 pa luso limodzi, osawerengera zina zowonjezera, mnzake ali ndi 0. Khoma limene wina sangagwe polikwera, winayo sangalikwere ngakhale dayisi itamukomera chotani. Wotsogolera amasowa nambala yoti aike.

Mtundu wachisanu unaphunzirapo: bonasi ya ukatswiri imayamba pa +2 n'kulekeza pa +6, ndipo mikhalidwe imalekeza pa +5. Pa malamulo anu onetsetsani kuti katswiri amaposa wosadziwa ndi 5 mpaka 7, osapitirira. Katswiri azipambana kawirikawiri, koma wosadziwayo azikhala ndi chifukwa choyesera.

Ndilibe madayisi a mbali zambiri. A ludo angagwire ntchito?

Kwambiri, ndipo kwathu kuno ndi amene amapezeka msanga. Pafoni palinso mapulogalamu oponya dayisi, koma foni ikafika patebulo WhatsApp imabwera nayo.

Chenjezo n'lakuti madayisi awiri a mbali 6 sayenda ngati dayisi imodzi ya mbali 20. Amagwa m'njira 36, ndipo manambala apakati ndi amene amabwerabwera: 7 amatuluka njira 6, pomwe 2 ndi 12 njira imodzi yokha. Kupeza 7 kapena kuposa ndi 58 peresenti, 8 kapena kuposa ndi 42, 10 kapena kuposa ndi 17. Mukuona kuti +1 mmodzi pakatipo akusuntha mwayi ndi pafupifupi 17 peresenti, kuposa katatu mmene amachitira pa dayisi ya mbali 20. Munthu wa +3 amene akufunika 7 amapambana maulendo 33 pa 36. Choncho mukasamukira ku madayisi a ludo, +3 ndiye denga, ndipo mabonasi a m'buku musawakopere mmene alili.

Apocalypse World, ya mu 2010, inatchukitsa kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi madayisi awiriwa: 10 kupita m'mwamba wapambana, 7 mpaka 9 wapambana koma pali cholipira, 6 kutsika pansi zakuvuta. Chigawo chapakaticho n'chimene chimakometsa nthano. Loko watsegula, inde, koma mlonda wamva.

Nkhondo imodzi imatidyera ola lathunthu. Tichite chiyani?

Werengani nokha. Osewera asanu ndi wotsogolera, aliyense mphindi ziwiri, ndi mphindi 12 pa raundi. Maraundi anayi ndi mphindi 48, ndipo pa mphindi zimenezo munthu mmodzi wachitapo kanthu kanayi kokha. Awiri mwa maulendo anayiwo akaphonya, wakhala pafupifupi ola kuti achite zinthu ziwiri.

Chepetsani mapointi a moyo, a zilombo ndi a atengambali omwe. Lekani kuponyera aliyense dayisi yoona woyamba. Mbali imodzi ichite yonse, kenako inayo. Adani azithawa kapena kugonja mtsogoleri wawo akagwa, monga malamulo akale a Basic ankachitira, m'malo momenyana mpaka womaliza. Into the Odd inafika pochotseratu dayisi yoona ngati walasa: ukamenya umangoponya ya mabala. Poyamba ndinkaona ngati n'kupyola muyeso, koma titayesa palibe amene anadandaula kuti wasowa kuphonya.

Ndikadula kwambiri, atengambali onse sadzafanana?

Ngozi imeneyi ilipodi. Mtundu wachinayi, wa mu 2008, unalinganiza magulu bwino kuposa ina yonse popatsa aliyense mphamvu zokonzedwa mofanana, zina za nthawi iliyonse, zina kamodzi pa nkhondo, zina kamodzi pa tsiku. Anthu ambiri anadandaula kuti wankhondo ndi wamatsenga akumveka chimodzimodzi posewera, ndipo ambiri anasamukira ku Pathfinder, imene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2009 potengera 3.5.

Gulu lililonse la atengambali likhale ndi chinthu chimodzi chimene ena onse alibe, ndipo chinthucho chizigwira ntchito mwa njira yakeyake. Chimodzi chokha chikukwana. Kusiyana kwina kuchokere ku nthano: kwawo n'kuti, ali ndi ngongole kwa yani, akuthawa chiyani. Mukayamba kuwonjezera luso ili ndi ilo chifukwa lililonse likuoneka lokoma, kumbukirani pusi uja wa "ichi chakoma, ichi chakoma". Mudzadzidzimuka mwalembanso masamba 300.

Malamulo akachepa, ntchito siichulukira wotsogolera?

Imachuluka, ndipo walira mvula walira matope. Pamene buku silinena kanthu, wotsogolera ndiye agamule, ndipo akakhala wokondera kapena wosinthasintha, osewera alibe pothawira. Chimene chimathandiza ndi kukhala ndi manambala atatu okha oti munthu afikire, chophweka, chovuta ndi chovutitsitsa, monga 10, 15 ndi 20, ndiponso kunena nambala ndi zotsatira za kulephera dayisi isanaponyedwe. Chigamulo chikabwera kachiwiri, chilembedwe, chikhale lamulo.

Ndidziwa bwanji kuti zalingana?

Masamu a papepala amangokuuzani za nkhondo. Zinazo zimaoneka posewera. Ine ndimaika pepala pambali, n'kumachonga dzina la munthu nthawi iliyonse imene zochita zake zasintha nkhani. Masewera akatha ndimawerenga. Tsiku lina ndinapeza kuti mlongo wina amene ankasewera wakuba anali ndi zochonga ziwiri, wamatsenga ali ndi khumi ndi chimodzi, chonsecho iye sanadandaule, amangomwetulira n'kumathira anthu tiyi. Anthu athu sakonda kudandaula pamaso pa mwini nyumba, ndiye mukawafunsa kuti "zinali bwanji?" adzati zinali bwino. Afunseni kuti "sabata yamawa mukufuna kusewera mtengambali uti?" Onse akathamangira gulu limodzi la atengambali, kapena gulu lina likasowa wolifuna, yankho mwalipeza.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zitatu n'kuona kuti zayenda bwino, simudziwa chimene chathandiza. Ndipo m'patseni malamulo anu mnzanu uja wokonda kufufuza mipata, amene pa bawo amawerenga nkhomo zonse asanagwire. Muuzeni apange mtengambali wamphamvu kwambiri amene malamulo akulola. Zimene apezezo n'zimene mukonze.

Kodi ndingasindikize kapena kugulitsa malamulo angawa?

Zosewera kunyumba ndi anzanu palibe amene angakufunseni. Pofalitsa, pali njira yovomerezeka. Mu 2000 Wizards of the Coast inatulutsa chilolezo cha Open Game License, chimene chinabala Pathfinder ndi masewera ngati OSRIC ndi Labyrinth Lord. Mu Januwale 2023 kampaniyi inafuna kusintha chilolezochi, anthu anakwiya kwambiri, ndipo inabwerera m'mbuyo n'kuika chikalata cha malamulo a mtundu wachisanu, SRD 5.1, pansi pa chilolezo cha Creative Commons. Zimene zili m'chikalatacho mungazitenge, kuzisintha, kuzimasulira m'Chichewa ndi kugulitsa, bola mulembe kumene mwazitenga monga chilolezocho chikunenera. Zithunzi za m'mabuku awo, chizindikiro chawo ndi malamulo a zilombo zina monga beholder ndi mind flayer mulibe m'chikalatamo, choncho zisiyeni.

Kunyumba akuti zimenezi ndi za ufiti. Ndiwayankhe bwanji?

Nkhawa imeneyi si yakwathu kokha. M'zaka za m'ma 1980 ku America kunali mantha aakulu pa masewerawa, moti mtundu wachiwiri wa Advanced Dungeons & Dragons utatuluka mu 1989, TSR inachotsa mayina a ziwanda, kenako n'kudzazibweza ndi mayina ongopeka. Njira yabwino ndi kuwaitana adzaonerere: aona anthu ali ndi mapensulo akukangana za chingwe. Ndipo poti malamulo ndi anu, mungachotse matsenga onse n'kusewera nthano ya amalonda a pa nyanja kapena ya ofufuza milandu. Mukatero vuto la wamatsenga ndi wankhondo lathanso lokha.

Wosewera wamatsenga wakwiya kuti ndamudulira mphamvu. Nditani?

Ali ndi chifukwa ngati mwamusinthira malamulo nthano ili pakati. Iye anasankha mtengambali wake potengera zimene zinalipo, mwina wakhala miyezi akudikira kuti afike pa tsenga linalake. Dikirani nthano ithe, malamulo atsopano ayambe ndi atengambali atsopano. Muonetseni pepala la zochonga lija, chifukwa nthawi zambiri sadziwa kuti anzake akhala akungoonerera. Kenako m'patseni china m'malo mwa chimene mwachotsa. Wathu titamuchotsera matsenga otsegula maloko ndi ouluka, tinamulola kupeka yekha mayina ndi maonekedwe a matsenga ake onse, ndiponso kuyesanso tsenga limene lalephera ngati avomera kulipira ndi mapointi a moyo. Pa nthano yotsatira anasankha kusewera wankhondo, akuti akufuna aone ngati lamulo logwetsa adani lija lingagwire pa chinjoka.